Mwana wamkazi sanyonyomala

Kandodo kake kanali ka nsungwi, kowonda ngati chala changachi. Uyambire pamenepo kulemba, mdzukulu wanga. Anandipatsa ndi amalume, nyengo yokumba nshawa kwathu ku Zemba, ine mabere asanamere.

Mng'ono wanga anabadwa ndi milomo yakuda ngati wadya jambula. Popita kumunda ankati akayenda pang'ono, wefuwefu, basi wanyonyomala pakati pa njira, maondo pachifuwa. Ngakhale pamaso pa azibambo. Amalume zinkawachititsa manyazi. "Mwana wamkazi sanyonyomala. Akatero, uzimudzutsa." Paja mwini mbumba anali iwowo amalume.

Ndinkamudzutsadi. Sindinkamenya kwambiri ayi, kungomukhudza m'miyendo. Ulembe kuti kwambiri ayi. Iye ankangoti, "Akulu, pang'ono pokha."

Tsono iwe ukudziwa za mlongo wako, kuti naye anabadwa ndi milomo yakuda, akuti vuto la mtima, anamung'amba pachifuwa ali khanda. Ulendo uno amako anapita naye kuchipatala chakunja kuja, adokotala sanang'ambenso. Akuti analowetsa kapaipi mu mtsempha wa pantchafu, kukwera nako mpaka kumtima, n'kuikamo kachitseko katsopano panjira ya magazi opita kumapapo. Pabalapo pang'onong'ono. Amako pofotokoza anangotchula mongodutsa, akuti adokotala amati ana otere akanyonyomala ndiye kuti akudzithandiza, magazi amafika bwino kumapapo. Ndinatuluka panja ngati ndikukaona mbuzi.

Lemba. Tsiku limenelo tinkachokera kumunda masana ndi mng'ono wangayo, ine dengu la nshawa pamutu. Ndinamuuza kuti lero tifika kunyumba osakhala pansi panjira. Mchenga unkawotcha kumapazi. Kumbuyo kwanga ndinkamva kupuma kwake, ngati mvukuto wa osula makasu. Kawiri anayamba kupinda maondo, kawiri ndinamuyang'ana. Anadziwongola. Zikhadabo zinali zitada, thukuta lozizira, ndinamugwira dzanja n'kumakoka.

Tinafikadi. Pafupi ndi nkhokwe anagwa chammbali, maso atatembenuka. Amayi anataya lichero, kumubereka, kuyamba kuthamanga njira ya kuchipatala ku Chadiza. Njinga m'mudzi munalibe. Anabwerera asanaoloke dambo, akuyenda pang'onopang'ono, atamufunditsa nsalu mpaka kumutu.

Ine ndinati wagona, watopa. Ndinathamangira amalume n'kugwada bwinobwino, ndikuti, "Lero wayenda njira yonse osanyonyomala."

Ndinakhala chigwadire pamenepo, kudikira kuti andiyamikire. Ndinkadabwa kuti bwanji akuyang'ana kumbali.