Mpira umene ndinabisira atcheyamani

Tebulo la biliyadi linali limodzi lokha m'chigwa chonse cha Domasi, ndipo ine anandichotsapo chifukwa chosewera bwino. Ndikunena mosapsatira, chifukwa mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwira.

Kunali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ine ndili mphunzitsi wongoyamba kumene pa sukulu ina ya pulayimale kwa Malemia. Tebulolo linali m'kalabu ya antchito a boma, kanyumba ka malata komwe azungu anasiya popita kwawo. Nsalu yake inali itasuluka, ndipo mwendo umodzi tinachita kuupanira ndi kathabwa. Aliyense ankakhala ndi mipira yake isanu ndi iwiri, wakuda n'kulowa pomaliza. Tinkamenya mpira woyera ndi ndodo kuti ukagunde inayo, ilowe m'matumba a tebulo. Ndinalibe mkazi, ndinalibe wailesi. Sabata yonse ndinkangodikira Loweruka masana kuti ndipalase njinga kukagwira ndodo.

Amene anandiphunzitsa masewerawa sanali membala n'komwe. Anali atelala a pa Songani, bambo wachikulire wachisilamu amene paunyamata wake anaperekerako zakumwa m'kalabu ya azungu ku Halale. Kukalabu kwathuko ankangoitanidwa kudzasoka matumba a tebulo akang'ambika. Tsiku lina anandiona nditalowetsa mpira ndi chiphokoso, ine n'kumadzimva, iwo n'kupukusa mutu.

"Aphunzitsi, umene walowawo wapita basi," anatero. "Wotsala nanu ndi woyerawu. Mwauuza kokaima?"

Sindinauuze. Unali utakagona kukona komwe sindikanachita nawo kanthu. Kuyambira pamenepo ndinkadzera ku shopu kwawo, iwo n'kumandijambulira ndi choko chodulira nsalu. Ukamenya woyera chapansi umabwerera, ukamenya chapamwamba umatsatira, ukamenya pakati umaima. Usathamangire mpira wophweka, usunge kuti udzakupulumutse zikadzavuta. Usanawerame uzidziwa mipira itatu ya kutsogolo. Ndipo ukaona kuti njira palibe, usamenye mwa bola zichitike. Gunda mpira wako pang'onopang'ono, woyera akabisale kumbuyo kwa unzake, mnzakoyo asaone pomenya.

Apa ndiye panagona nkhani. M'kalabu mwathu kumenya mwamphamvu ndiye kunali umuna, mpira ukalira ngati mfuti anthu ankaimirira. Panalinso lamulo losalembedwa lakuti wamkulu sabisiridwa mpira. Ukamasewera ndi wokuposa msinkhu kapena udindo, njira ikatha umangomwaza mipira, n'kumusiyira zonse pambalambanda. Lamulolo ndinkalidziwa, sindinama. Koma ndinkati ndi la masewera ocheza, osati a mpikisano.

Ndiye kunabwera kalata yochokera ku kalabu ina ya m'tauni ya Zomba, yopempha kuti titumize munthu mmodzi akasewere kumeneko. Tinagwirizana zopikisana kuti wopambana apite. Patatha Maloweruka atatu tinatsala awiri, ine ndi atcheyamani a kalabu, mkulu wa makalaliki, munthu wovala tayi ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

Masewera omaliza anafika pothina. Iwo anatsala ndi mpira umodzi, ine iwiri. Wina mwa iwiriyo unali pakamwa pathumba penipeni, woti ngakhale wakhungu akanaulowetsa. Winawo unamatirira m'mphepete mwa tebulo, wakuda utautchinga.

"Lowetsani, aphunzitsi! Mukudikiranso chiyani?" anthu anakuwa.

Ndinazungulira tebulo kawiri. Ndikanalowetsa wophwekawo, ndikanatsala ndi wotsekekawo wokha, ndipo kuuphonya kunali kupereka masewera m'manja mwa atcheyamani. Choncho ndinapaka choko kunsonga kwa ndodo, n'kukhudza wotsekekawo mofatsa ngati ndikudzutsa khanda. Unasuntha n'kutuluka kumbuyo kwa wakuda. Woyera anagubuduka pang'onopang'ono kukaima kuseri kwa mpira wanga wa pathumba uja, chimodzimodzi pomwe ndinkafuna. Moyo wanga wonse sindinamenyepo bwino kuposa pamenepo.

Atcheyamani anawerama uku, anawerama uko, mpira wawo osauona. Anayesa kudzera m'mphepete, woyera anangodutsa osagunda kanthu. Ine ndinalowetsa wanga woyamba, woyera n'kubwerera, wachiwiri, kenako wakuda. Palibe anaomba m'manja.

"Aphunzitsi," anatero atcheyamani akupukuta thukuta, "kwanu anakulerani choncho? Kubisira munthu wamkulu mpira ngati mukubisira galu nyama?"

"Bwana, malamulo amalola."

"Malamulo a kuti? Ana kusukuluko mukuwaphunzitsa zimenezi eti?"

Lachitatu lake ndinalandira kalata ya komiti. Anati ndinaonetsa khalidwe losayenera, masewera aja afafanizidwa, ndipo ndisadzapondenso m'kalabu kufikira nditaima pamaso pa onse n'kunena kuti dzanja linangoterereka. Tamvani zimenezo! Anthu akuluakulu, ophunzira, kukhala pansi n'kugwirizana kuti ine ndiname. Ndikanaba mpira, kapena kukankha tebulo, bwenzi nditamvetsa. Mlandu wanga unali kuganiza ndisanamenye.

Ndinapita nayo kalatayo kwa atelala. Anaimvetsera phazi lili pa makina.

"Kapepeseni, mwanangu. Tebulo ndi limodzi."

"Kupepesa ndipepesa, bambo. Koma kunena kuti inali ngozi, iyayi. Si inu munandiphunzitsa?"

"Ndinakuphunzitsani kokaimika woyera. Kokaima inuyo ndinaiwala kukuuzani."

Ndinalembera komiti kuti ndikupepesa ngati ndinawakhumudwitsa atcheyamani, koma dzanja langa silinaterereke. Sanandiyankhe. Ena mwa iwo ankandipeza pamsika n'kundinong'oneza kuti ndinasewera bwino kwabasi, kungoti ndinaonjeza. Amenewo ndiye ankandinyansa kuposa atcheyamaniwo. Maloweruka anga anasanduka ochapa malaya ndi kuchonga makope, manja akundiyabwa.

Ku Zomba kunapita atcheyamani. Tinamva kuti anakumana ndi kalaliki wina wa m'sitolo amene sanafunse za msinkhu wa munthu. Anawabisira mpira kuyambira poyamba mpaka pomaliza, iwo n'kumangozungulira tebulo ndodo ili m'manja. Nditamva ndinaseka mpaka misozi. Ndinati basi, tsopano andiitana.

Ndinadikira mwezi wathunthu. Loweruka lina ndinalephera kupirira, ndinapalasa njinga mpaka kukalabu, n'kukaima pawindo. Mkati munali modzaza, atcheyamani ali pakati, akuphunzitsa.

"Anzathu a m'tauni amasewera ndi mutu," ankatero. "Ifetu tinatsalira. Ukaona kuti njira palibe, umabisa woyera. Taonani ndikuonetseni."

Palibe anatchula dzina langa, ngakhale awiri atatu anandiona n'kuyang'ana kumbali. Atcheyamani anawerama, namenya mopitiriza muyeso, woyera n'kukaima pakati pa tebulo, pomwe aliyense akanamenya mpira uliwonse umene wafuna. Onse anaomba m'manja. Pakamwa panga panayasama pokha kuti ndiwauze achepetse mphamvu ndi kumenya chapansi, koma ndinakumbukira kuti sindine membala. Ndinatembenuza njinga. Tebulo lija sindinaligwirenso mpaka ndinasamutsidwa ku Domasi.