Zdravka, Wofula Maluwa a Tsabola

Tsiku limene Zdravka analephera mayeso kachitatu, pulofesa wake sanakalipe n'komwe. Anangonena modekha kuti, "Mwana wanga, selo la chomera likugawikana pamaso pako, iwe ukuti ndi fumbi. Bwerera kwanu ukalime."

Anabwereradi kumudzi kwawo, kufupi ndi mzinda wa Plovdiv, sutikesi kumanja, nkhope ili pansi. Ntchito anaipeza pa famu yopanga mbewu za tsabola, koma inali yovuta kuitchula pagulu. Ankafula maluwa.

Musaseke, abale, ndi ntchito ndithu. Duwa la tsabola lili ndi mbali yaimuna ndi yaikazi pamodzi. Pofuna mbewu ya haibulidi, umachotsa timitu ta mungu ndi kachitsulo kopanira duwalo lisanadzikwatire lokha, kenaka n'kuikapo mungu wa mtundu wina. Duwa limodzilimodzi, utawerama tsiku lonse, m'nyumba ya pulasitiki yotentha ngati ng'anjo.

Kapitawo wawo, amene mwaulemu ankamutcha bai Lyuben, mkulu wa ndevu zachikasu ndi fodya, sankamusowera mawu.

"Adokotala afika! Mwafula angati lero, adokotala?"

Amayi onse ogwira nawo ntchito ankafa nacho chiseko. Koma chisekocho chinali cha pakamwa chabe. Odziwa ntchito ankangothawira kunja kwa dziko, manja anachepa, ndipo mwini famu anali atalengeza kuti zikapitirira choncho atseka gawo la tsabola.

M'mawa wina Zdravka anapeza chomera chachilendo. Masamba obiriwira bwino, maluwa mbwee, koma timitu ta mungu tofota, topanda kanthu.

"Zula!" anatero bai Lyuben. "Gojo ameneyu akungotidyera fetereza."

"Bai Lyuben, ameneyutu wadzifula yekha. Watipeputsira ntchito."

"Ndiye ukwatirane naye."

Zdravka anachizula ndi dothi lake, nachiika m'ndowa yobooka, napita nacho kunyumba. Mayi ake ataona anagwira m'chiuno.

"Anzako akubweretsa akamwini, iwe wandibweretsera gojo wa m'ndowa!"

Zdravka ankafuna kudziwa chinthu chimodzi: kodi ndi matenda, kapena ndi chibadwa choti n'kupatsira ana? Yankho linali mkati mwa timaluwa tosamasula, momwe maselo amagawikana kuti apange mungu. M'chipinda chosungira katundu pa famu munali maikulosikopu yakale, yodzaza ndi ndowe za mbewa. Anaipukuta.

Vuto linali nthawi. Maselo amenewa amagawikana duwa lidakali ngati kambewu ka mpunga, ndipo sachedwa. Ukafulumira, sanayambe. Ukachedwa, atha kale. Komanso ukadula duwa umayenera kuliviika msanga mu vinyo wosasa wosakaniza ndi mowa waukali, kuti maselo aime pomwe wawapezera. Vinyo wosasa anatapa kwa mayi ake. Mowa anaupeza kuseri kwa matumba a fetereza, kumene bai Lyuben ankabisa botolo la rakia, kachasu wa maula.

Milungu itatu inatha osaona kanthu. Maso kufiira, msana kuwawa, fumbi lokhalokha. Tsiku lina anakhala pa thumba n'kulira, akuti mwina apulofesa ananena zoona. Atatha kulira anamina, n'kusintha nzeru. Anayamba kudula maluwa theka lililonse la ola, kuyambira dzuwa likutuluka mpaka masana, lina la gojo, lina la chomera chabwino, n'kumalemba nthawi pa kabotolo kalikonse.

Apa n'kuti bai Lyuben akudandaula kwa aliyense kuti kutentha kwa chaka chino kukuumitsa zinthu ngakhale m'botolo lotseka. Lachinayi lina anamupezerera Zdravka botolo lili m'manja.

"Rakia wanga wa zaka zisanu ukumwetsa maluwa? Ine mlamu wanga weniweni ndinamumana!"

"Tayang'anani kaye apa, bai Lyuben."

Mkuluyo anawerama pa maikulosikopu, natsinzina diso lolakwika.

"Ndikuona mdima."

"Linalo."

"Ndikuona nsidze zanga."

Koma Zdravka anali ataona. M'duwa labwino maselo onse ankagawikana pamodzi, ngati anthu ovina gule mmodzi, lililonse n'kutulutsa anayi. M'duwa la gojo ena ankatsogola, ena ankatsalira kutali, ndipo pomwe otsalirawo ankati amalize, chakudya chawo chinali chitauma kale. Mungu unkafa usanabadwe. Mbali yaikazi inalibe vuto: ataikapo mungu wa chomera china, gojo uja anabala tsabola wodzaza njere.

Anatenga timagalasi take tokhala ndi maselo aja n'kukwera basi kupita kwa Dokotala Peeva, mayi wofufuza za ndiwo zamasamba mumzinda. Mayiyo anayang'ana nthawi yaitali, kenaka ananunkhiza kagalasi kamodzi.

"Wakukonzera ndani izi?"

"Ndekha."

"Zikununkha ngati ukwati wa kumudzi, koma ntchitoyi ndi yaukhondo. Chomeracho chili kuti?"

"M'ndowa, pakhonde pa amayi."

Sizinatheke tsiku limodzi. Panapita nyengo zinayi akubzala, kusankha ndi kubzalanso, mpaka anatsimikiza kuti ugojowo umatsikira kwa zidzukulu. Famu inapeza mitundu ya tsabola wosafunika kufula. Amayi aja anasiya kachitsulo, n'kumangoika mungu, ndipo gawo la tsabola silinatsekedwe. Zdravka analembanso mayeso ali ndi zaka makumi atatu, nakhoza. Lero ndiye amayang'anira mbewu zonse za pa famupo, ndipo bai Lyuben amauza mlendo aliyense kuti sayansi imeneyi inatheka chifukwa cha maula a kuseri kwa nyumba yake.

Inu amene mwakhala pansi lero, mukuti mutu wanu ndi wouma, tamvani. Mayi ameneyu anadula maluwa oposa chikwi pa nthawi yolakwika asanapeze limodzi la pa nthawi yake. Palibe anamuombera m'manja pa lililonse la maluwa amenewo. Inu mwayesa kangati? Lirani ngati kulira kwabwera, mukatha mupukute m'maso. Mtima wokhawo musautaye ayi. Mawa mulawirire, mukayesenso.