Anti Tusekele Satsegula Katundu wa Eni Ake

"Ndiye mwati ndingosaina, nkhani ithere pomwepo?" anafunsa Anti Tusekele, akukankha pepalalo ndi chala chimodzi ngati lili ndi nyerere. "Ndisaine kuti ndinkadziwa?"

"Imeneyo ndi njira imodzi chabe," anayankha Belinda, loya amene boma linawapatsa. Ankalankhula Chingerezi chothamanga, ine n'kumamasulira nthawi iliyonse Anti akakwinya nkhope. Chingerezi amachidziwa bwino, akhalitsa ku America, koma akakwiya makutu awo amamva Chichewa chokha.

Tinali mu ofesi ya Belinda ku South Bend, m'chigawo cha Indiana. Mlandu unali wopezeka ndi chamba.

Amene amawadziwa Anti akamva zimenezi amaseka kaye. Ndi mayi wa ku Karonga, wamfupi, woyenda mofulumira ngati wasiya ndiwo pamoto. Amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Indianapolis: kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi. Si achibale anga. Ndinkachita lendi chipinda m'nyumba mwawo ku Beech Grove, m'mphepete mwa Indianapolis, pamene ndinali pasukulu, koma mwezi usanathe ndinali nditasanduka mwana wa m'nyumbamo, wofunsidwa kumene ndinaswera.

Ntchito yawo yachiwiri inalibe malipiro. Kawiri pamwezi ankapita kukapemphera ndi Amalawi anzawo ku Niles, tauni ya ku Michigan yomwe ili kungodutsa South Bend pang'ono. Mapemphero akatha ankasiya buti ya galimoto yotsegula, iwo n'kukalowa mu holo kukadya. Pobwerera ankapeza buti yadzaza. Wina wafika kuchokera kumudzi ndi usipa, wina akutumiza nsapato za mwana, wina ufa wa phala. Chilichonse chokulungidwa m'manyuzipepala, chomatidwa tepi mpaka kuoneka ngati mwendo wa pulasitala, pamwamba dzina la wolandira. Positi iliko ku America, koma palibe Mmalawi amene amakhulupirira kuti usipa wa pa positi ungakome.

Ndipo Anti sankatsegula. Sankafinya n'komwe kuti amve chomwe chili m'kati. Kwa iwo, kusuzumira m'katundu amene munthu wakutuma n'chimodzimodzi kumuuza kuti ndi wakuba.

Vuto n'lakuti ku Michigan chamba n'chololedwa. Chimagulitsidwa m'masitolo oyera bwino ngati famase, amakupatsa ndi lisiti lomwe. Ku Indiana n'choletsedwa. Malire ake ndi chikwangwani chabe m'mbali mwa msewu, ukaphethira suchiona.

Lamlungu lina masana, atangolowa mu South Bend, wapolisi anawaimitsa chifukwa nyali imodzi ya mabuleki inali itafa. Atasuzumira kumpando wakumbuyo n'kuona maphukusi atepi ataunjikana, anapempha kuti aone. Aliyense wokulira kumeneko amadziwa kuti ukhoza kukana. Anti anatsika, n'kutsegula okha buti, n'kupepesa chifukwa cha fungo la nsomba. M'phukusi lolembedwa kuti Vainess munali chitini cha khofi, ndipo m'chitinimo munali timaswiti tofewa ta chamba.

Vainess ndi mayi wakwathu wokhala ku Lawrence, kufupi ndi Indianapolis, amene panthawiyo ankalandira mankhwala a khansa ndipo chakudya chinkamukana. Anauza apolisi kuti sanaitanitse kanthu, ndipo zinali zoona. Wina anangomumvera chisoni, n'kugula, n'kuponya m'buti Anti ali kudya mpunga.

Tsono mu ofesi muja Belinda anayala njira zonse. Yoyamba, kuvomera mlandu, kukhala chaka osapalamula, kenako khoti n'kuufafaniza. Yachiwiri, kutsutsa kuti wapolisi analibe chilolezo chosecha, koma imeneyo Anti anaitseka okha ndi ulemu wawo. Yachitatu, kukazenga mlandu pamaso pa woweruza. Kumeneko boma limayenera kusonyeza kuti munthu ankadziwa chimene wanyamula. Kungopezeka nacho m'galimoto si kokwanira.

"Anthu ambiri amatenga yoyamba," anatero Belinda. Kenako anaima, n'kuyang'ana Anti. "Muli ndi unzika wa kuno?"

"Girini kadi." Chimenechi ndi chilolezo chokhala m'dzikomo, osati unzika.

Belinda anabweza pepala lija kumbali yake. Anaimbira foni mnzake wodziwa malamulo olowera m'dziko, ndipo yankho linali lowawa. Kwa a imigireshoni, ukangovomera ndiye kuti wapezeka wolakwa, ngakhale khoti litafafaniza pambuyo pake. Pa timaswiti tochepa choncho mwina sangakuthamangitse. Koma ukatuluka m'dzikomo, pobwerera akhoza kukubweza pabwalo la ndege.

Anti anali ndi tikiti ya mwezi wa Ogasiti. Mayi awo ku Karonga anali atakalamba, maso atasiya kuona, ndipo pafoni ankangofunsa tsiku lofika. Ana a Anti, ntchito ndi nyumba zinali ku Indiana. Kusaina kunali kusankha mbali imodzi ya nyanja yamchere mpaka kalekale. Kuluza kukhoti kunali chimodzimodzi, kuphatikizapo mwina ndende.

Pobwerera ku Indianapolis ine ndinayamba nzeru zanga.

"Anti, nkhaniyi ndi yosavuta. Tonse tikuganizira munthu mmodzi. Mukangomutchula..."

"Iwe, khala chete."

"Mukuprotekita munthu amene sanakuimbireni n'komwe foni!"

"Ndati khala chete. Ine sindinamuone. Ukandiuza dzina ndiye kuti ndalidziwa, ndipo ndikakalumbira kukhoti ndikalinena. Munthu amafuna Vainess adye. Ndiye akamangidwe ngati wogulitsa? Dzinalo khala nalo, ukadye nalo nsomba."

Ndinawauza kuti kuno ndi ku America, aliyense amaona zake. Anandifunsa kuti nanga tsabola wa kambuzi amene ndinkathira pa chilichonse, mpaka pa piza, ndinkaganiza kuti amabwera pa ndege ya ndani. Mpaka lero, ndili kuno ku Lilongwe, dzinalo sindinawauze.

Belinda poyamba sankamvetsa. Anakulira ku Indiana komweko, kumene mwana amaphunzitsidwa asanayambe sukulu kuti usanyamule chikwama cha munthu wina. Anafunsa Anti katatu, mosinthasintha mawu, ngati zoonadi sanatsegulepo phukusi ngakhale limodzi. Kenako anapempha kanema wa kamera imene wapolisi amavala pachifuwa. Ataonera anatiimbira foni akuseka.

"Kodi Joan ndi ndani? Ndikumufuna kukhoti."

Joan ndi nesi, mnzawo wa Anti wa ku Lafayette Square mu Indianapolis momwemo, wamtali, wa pakamwa posatseka. M'mawa wa tsiku la mlandu anafika ku Beech Grove atatchena ngati akupita kuukwati, m'khwapa atapanira kaphukusi katepi.

"Poti tikupita ku South Bend komweko," anatero, "Pamela wati timusiyireko mlamu wake aka."

"Anti Joan!" ndinakuwa. "Tikupita kukhoti! Mlandu wake ndi womwewu!"

"Aaa, ndi mfutso chabe, iwe."

"Mwauona?"

"Nditsegule za eni ake?"

Ndinalanda kaphukusiko n'kukasiya pakhonde. Anti Tusekele anakayang'ana ngati tikusiya mwana pasiteji ya basi.

Khoti linali laling'ono, ndipo Amalawi anadzaza mabenchi onse. Ena anasinthanitsa mashifiti, ena anabwera ndi mayunifomu a kuchipatala. Woweruza anali mayi wa imvi, wa magalasi apamphuno. Woimira boma anali bambo waulemu, wa tayi yofiira, ndipo funso lake linali lomwe ine ndikanafunsa.

"Mayi, mukufuna khoti likhulupirire kuti mumanyamula chilichonse, cha aliyense, kuchokera ku Michigan, osayang'ana?"

"Si aliyense," anayankha Anti. "Anthu akwathu."

"Ndipo simufunsa kuti muli chiyani?"

"Akafuna amanena okha. Mwina ndi zovala zam'kati. Ndifunse bambo wa mwini wake zimenezo?"

Mabenchi anagwedezeka ndi kuseka. Woweruza anayang'ana pamwamba pa magalasi, onse n'kukhala ngati ali m'tchalitchi.

"Mukudziwa amene anaika phukusi la Vainess m'galimoto mwanu?"

"Sindinamuone. Ndinali mu holo."

Kenako Belinda anaitana Joan, n'kuyatsa kanema uja. Tinaona manja a wapolisi akudula tepi ya phukusi lolembedwa kuti Joan. Apa n'kuti chitini cha khofi chisanapezeke. Anatulutsa diresi lachitenje lobiriwira n'kulitambasula. Pachifuwa pake panali atapeta ndi ulusi wagolide: TUSEKELE 50.

M'kanemamo Anti anaphimba maso ndi manja onse awiri n'kutembenukira kumsewu. Mawu awo anamveka khoti lonse: "Iii, bwana, bwezani, bwezani! Mwawaonongera anzanga!"

"Fotokozani," anatero Belinda kwa Joan.

"Inali mphatso yawo ya zaka makumi asanu, yowadzidzimutsa," anatero Joan. "Nsalu inachokera ku Niles, anabweretsa ndi iwowa. Telala ali ku Indianapolis. Wopeta ali ku South Bend, anapititsa ndi iwowa. Wopetayo analakwitsa dzina, analemba Tusekile, linabwereranso ndi iwowa. Diresi limeneli layenda mu msewu wa 31 kuposa ineyo."

"Simunaope kuti aona?"

"Awa? Mukhoza kuwatuma njoka, akafikitsa ili moyo."

Woimira boma anaimirira. "Mayi Joan, inu ndi mnzawo. Mukhoza kunena chilichonse chowathandiza."

"Inde ndi mnzanga. Koma wapolisi uja si mnzanga, kamera ndi yake."

Bamboyo anayesabe. Anati kusafuna kudziwa si chimodzimodzi ndi kusadziwa, munthu wamkulu amayenera kukayikira. Belinda anayankha mwachidule. Anati boma lasonyeza kuti chitini chinali m'galimoto, ndipo palibe akutsutsa. Koma chitinicho chinali chotseka, m'phukusi lomata, lolembedwa dzina la munthu wina, pakati pa maphukusi ena ambiri. Mayiyu anatsegula yekha buti. Ndipo khoti laona ndi maso kuti ananyamula mphatso yake yomwe, kupita ndi kubwerera, osadziwa.

Woweruza anapempha kuti kanemayo amubwereze pamene Anti akuphimba maso. Anaionera atagwira chibwano. Kenako anavula magalasi.

"Mayi Tusekele, sindikulangizani kuti mupitirize kunyamula katundu motere. Koma lamulo likufuna kuti boma lisonyeze kuti munkadziwa, ndipo silinasonyeze. Khoti lapeza kuti simunalakwe."

Ndinayamba kumasulira, koma Anti anandigwira mkono. "Chimenecho ndamva ndekha."

Nthungululu zinadikira mpaka panja, pamasitepe, chifukwa Belinda anali atatichenjeza. Zitayamba, anthu odutsa anaima, mlonda wa pakhomo anatuluka kudzaona ngati wina wavulala. Azimayi anayamba nyimbo, Joan anamukulunga Belinda chitenje m'chiuno pamwamba pa suti, loyayo n'kuvina ngati akupondaponda mphesa. Vainess sanathe kubwera, koma anamuimbira foni ya kanema, ndipo tinamuona pabedi akukweza dzanja. Anti sanavine. Anapita pambali n'kuimba ku Karonga, akukuwa m'Chinkhonde kuti mayi awo amve. Ndinangotolapo mawu amodzi: Ogasiti.

Anapitadi, ndipo anabwerera. Pabwalo la ndege anangowafunsa ngati anyamula nyama.

Koma tsiku la mlandulo, tikubwerera, m'galimoto munali mkangano. Ine ndinati zonyamula katundu zithe basi. Joan anati ndiye anthu azidya chiyani. Ine ndinati ndiye azitsegula pamaso pa mwini wake. Joan anati kuli bwino kungomutukwana munthuyo. Anti ankangoyendetsa, maso pamsewu, liwiro lenileni la pachikwangwani.

Titafika mu Indianapolis sanalunjike ku Beech Grove. Anakhotera ku Lafayette Road n'kuima pa kagolosale kamene tinkagulako ufa.

"Mukufuna chiyani, Anti?" ndinafunsa. "Ndikagule ndine."

"Khala pomwepo, loya wamkulu."

Anatuluka ndi kabokosi kamodzi. Munali timatumba tapulasitiki toonekera m'kati, totseka ndi zipi, tija azungu amasungiramo masangweji.

"Kuyambira Lamlungu," anatero, "aliyense aziika yekha katundu wake umu. Ine sinditsegula cha munthu. Koma maso ndili nawo."

"Nanga zovala zam'kati zija?" anafunsa Joan.

"Azigula zokongola."

Anandipatsa makiyi kuti ndiyendetse ndine, iwo n'kukhala kumbuyo, kabokosi kali pamiyendo. Titafika kunyumba tinapeza kaphukusi ka Pamela kali pakhonde pomwe ndinakasiya. Anti anakanyamula ndi dzanja limodzi, kabokosi kudzanja linalo.

"Muimbire Pamela," anandiuza. "Umuuze abwere adzasamutsire yekha mfutso wakewu m'kathumba."