Laputopu ya Malemu Eliya

A Yoramu Jere amalima kachewere kumtunda kwa Nzama, pafupi ndi kwathu, koma ambiri amawadziwira wiki ya alimi. Awa ndi masamba a pa intaneti pomwe mlimi aliyense wa m'gulu lathu amatha kulemba zomwe waona kumunda.

Mkati mwa wikiyo munali kapulogalamu kowonjezera komwe a Yoramu ankakasamala ndi mnzawo, a Eliya. Munthu akalemba kukula kwa munda wake ndi dzina la mankhwala, iko kankamuuza mlingo wothira mu sipuleya. A Yoramu ankalemba mizere ya kapulogalamuko, a Eliya n'kuiwerenga, kuiyesa, kenako n'kuilowetsa pa seva, kompyuta yakutali yosunga wikiyo. Anapangana choncho kuti cholakwa chisamadutse popanda wachiwiri kuchiona. Kiyi yolowera pa seva, kafayilo kachinsinsi, inali mu laputopu ya a Eliya mokha.

"Inu kukupatsani kiyi, mawa alimi apopera mankhwala a makoswe," ankatero a Eliya, onse n'kuseka.

A Eliya anamwalira mwadzidzidzi mvula ili pakati. Sabata yomweyo eni seva anasintha pulogalamu yaikulu ya wiki, kapulogalamu kaja n'kusiya kugwira ntchito. Pomwe pankatuluka mlingo panangotuluka mawu ofiira. Uku chiwawu, matenda a kachewere, chinali chitayamba kudetsa masamba m'minda yakumunsi. A Yoramu anapeza povuta msanga, n'kukonza pa foni yawo. Chinatsala ndi kulowetsa basi.

Ndinali pakati pa amayi pasiwa pomwe a Yoramu anabwera, maso ali gwa. Foni yawo inkangonjenjemera m'thumba, alimi akufunsa mlingo. Anagwada bwinobwino pamaso pa a Thomas, malume a malemu, n'kupepesa maliro. Akanalekera pomwepo. Koma anapitiriza, kufunsa ngati angabwereke laputopu kwa kanthawi. Bokosi linali lisanatuluke m'nyumba.

A Richard, mchimwene wa malemu wochokera m'tauni, anafunsa mokweza ngati awa ndi omwe ankatchedwa bwenzi lapamtima. A Thomas anayankha mosakweza mawu kuti katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka abale atameta ndi kukhala pansi.

"Mnzanu sanazizire n'komwe, bambo Jere. Pitani mukakhale ndi amuna anzanu."

Kuyambira tsiku limenelo dzina lawo linaipa. Pachitsime ankati afuna kulanda chuma cha masiye. A Yoramu analembera eni seva, koma iwo anayankha kuti amadziwa a Eliya okha. Anapita kwa a Maness, mkazi wa malemu, atanyamula nkhuni, n'kuyesa kufotokoza kuti safuna makinawo koma kakiyi kali m'kati. A Maness analira. Anati akuwamva, koma chikwama cha laputopu chili kuchipinda ndipo maso a apongozi awo ali pa iwo.

Masiku amenewo a Yoramu ankayenda munda ndi munda, mvula ikuwakwapula, kuwerengera anthu mlingo pamtima. Sakanafika konse. Ena anathira wochepa chiwawu n'kupitirira, ena anachulutsa masamba n'kupsa. Munda wawo womwe, umene anausiya pothamangira ya ena, unada n'kuyamba kununkha.

Pa tsiku logawa katundu anakhala kutali, pansi pa mtengo wa pichesi, chipewa chili m'manja. Laputopu inapita kwa a Richard. Patapita masiku, a Richard akubwerera m'tauni, a Yoramu anawatsatira mpaka pa siteji ya minibasi, akuwapempha mphindi zochepa chabe. A Richard anawauza kuti anaipereka kale kwa wokonza mafoni ku Manjawira, ndipo iye anafufuta zonse kuti ana aziphunzirirapo.

A Yoramu anaima pamenepo mpaka minibasi inanyamuka.

Pano akumanganso wiki ina pa seva ina, ndi foni yosweka galasi. Masamba akale amawakopera limodzilimodzi, netiweki ikalola. Alimi ambiri sanabwererenso. Kapulogalamu kaja akalembanso konse, ndipo pa mzere woyamba aikapo dzina la a Eliya. Kiyi tsopano ali nayo, koma sanakalowetse. Dzulo ndinawamva akufunsa mphunzitsi wina pamsewu ngati angaphunzire kuwerenga mizereyo, chifukwa mlingo wa mankhwala sungadutse ndi maso a munthu mmodzi. Mphunzitsiyo anati aganiza kaye. Kumwamba mitambo inali itayambanso kuda.