Dengu lachitsulo la a Daka

A Whiteson Daka anabadwira m'mudzi wina kufupi ndi Minga, ndipo anayamba kuluka madengu ndevu zisanamere. Anaphunzira kwa malume awo, munthu wosalankhula amene ankaphunzitsa pomenya zala ndi kansungwi. Luso la malumewo a Daka analitenga lonse, koma kusalankhulako anakusiya komweko. Ankaluka madengu, malichero ndi nkhokwe, n'kumangirira katunduyo panjinga mpaka njingayo kusowa, moti anthu a mumsewu wa ku Petauke ankangoona mulu wa madengu ukuyenda wokha, ukupereka moni kwa aliyense ndi kufunsa za ana.

Kwa a Daka, dengu lenileni linali lomwe ungathiremo mawere osataya ndi kambewu kamodzi. Dengu lamipata ankalitcha laulesi, ndipo woluka wake ankamutchula dzina ngakhale pamaliro. M'tchalitchi, dengu la chopereka likafika pa iwo linkaima. Ankalipendeketsa, kusuzumira kunsi kwake, kukanda m'mphepete ndi chikhadabo, kenaka n'kupukusa mutu mwachisoni, mpaka akazi awo, amai Immaculate, anasiya kuyang'ana mbali ya azibambo nthawi ya chopereka.

Kenaka kunabwera mabeseni apulasitiki, ofiira ndi obiriwira, osaopa mvula ngakhale chiswe. A Daka anawanyoza m'misika yonse ya Petauke, koma azimai ankawamvetsera mwaulemu atasenza mabeseni omwewo. Madengu anayamba kubwerera kunyumba panjinga monga anapitira. Maondo atayambanso kuvuta, mwana wawo Titus, yemwe anali kondakitala wa basi ya ku Lusaka, anawatenga iwo ndi amai Immaculate kukakhala ku Nyimba, kumene anamanga nyumba pafupi ndi msewu waukulu. Titusyo ankaoneka pakhomo mwa apo ndi apo. Woyendetsa khomo anali mkazi wake Tasila.

Tasila ankawamba nyama ya nkhumba ndi nkhuku, n'kumagulitsa kwa apaulendo pamene mabasi amaima kuti anthu agule nthochi. Ankawambira mu mgolo wachitsulo woimika, wotsegula pamwamba. Kunsi kwake kunali timabowo tolowera mphepo, pakati panali sefa yawaya yoyalapo nyama, pamwamba chivundikiro. Makala ankawaunjika pansi penipeni pa mgolo, n'kuikapo tizidutswa ta nkhuni kuti tizifuka utsi. Vuto linali loti makalawo akayaka pang'ono ankamira m'phulusa lawo lomwe, moto n'kufa nyama isanapse. Zikatero Tasila ankachotsa nyama yonse, kulowetsa mutu mu mgolo ndi kupemerera, n'kutulukamo maso ali psuu, basi itapita kale.

Tsiku lina Titus anamuonetsa pafoni chimene anthu ena amachita: kadengu kachitsulo kokhala ndi miyendo, komwe amaikamo makala kuti phulusa lizigwera pansi, mphepo izidutsa kunsi. Tasila anapita kwa wowotcherera zitsulo wa pamsika, koma uyo anali ndi mawindo ndi zitseko za anthu, ndipo nthawi zonse ankangoti mailo. Poti ku Nyimba mailo ndi dzulo komanso mawa, panalibe womugwira bodza. Atatopa, Tasila anakumbuka kuti pakhomo pomwepo pali munthu amene manja ake anakulira kuluka.

Koma munthuyo anali apongozi ake aamuna. Tasila analeredwa bwino, ndipo chikwatiwire anali asanawayang'anepo a Daka kumaso. Akakumana panjira ankapatukira kutchire, n'kugwada, n'kuomba m'manja chapansipansi. Nawonso a Daka, ngakhale ankatha kucheza ndi mbuzi ikasowa munthu, kwa mpongozi wawo ankangoti zikomo amai, n'kuyang'ana mtengo. Nkhani iliyonse pakati pa awiriwa inkadutsa mwa amai Immaculate.

Ndiye Tasila anakhala pansi ndi amai Immaculate n'kuwafotokozera zonse bwinobwino: kuti likhale lawaya, likhale ndi mipata ikuluikulu, likhale ndi miyendo, ndipo lizilowa mu mgolo. Amai Immaculate ankavomera ndi mutu uku akusankha nyemba. Anali munthu wosakonda kusenza mawu ambiri, popeza pabanja lawo wosenza mawu analipo kale. Atafika kwa amuna awo pansi pa mtengo wa mango anangoti, "Apongozi anu afuna dengu la makala."

A Daka anadzuka ngati mnyamata. Chifikire ku Nyimba palibe anali atawapemphapo dengu. Anatumiza mawu kwa anthu a kumapiri kuti awabweretsere nsungwi zokhwima, anazing'amba, anazipala mpaka kusalala ngati riboni, zina anazinyika m'makungwa kuti zide. Ankaluka akuimba nyimbo za kwaya, ndipo aliyense wodutsa ankamuimitsa n'kumuuza kuti ana a masiku ano ayamba kuzindikira. Dengulo litatha linali lokongola kuposa onse amene analukapo, la mizere yakuda yozungulira, lothinana moti ngakhale fumbi la makala silikanadutsa.

Amai Immaculate analipereka kwa Tasila, a Daka ataima chapatali akunamizira kuyang'ana nkhuku. Tasila analilandira ndi manja awiri, analiyang'ana, anayang'ananso mgolo wake, kenaka anagwada n'kuthokoza kwambiri. Kunena kuti apongozi alakwitsa sikukanatheka. Analipachika m'nyumba, n'kupitiriza kulowetsa mutu mu mgolo monga kale.

Mmawa wina Tasila anapita ndi mwana wake kusikelo, n'kusiya amai Immaculate kuti ayatse moto ndi kuyala nyama. Amaiwo polowa m'nyumba anaona dengu lili pakhoma lopanda ntchito, ndipo zinawapweteka kuti amuna awo anavutika pachabe. Apa m'pamene anakumbuka chimodzi mwa zimene Tasila ananena tsiku lija, choti dengulo lizilowa mu mgolo. Analitenga, analidzaza makala, analitsitsira pansi pa mgolo, anaikapo makala amoto ochokera pambaula, anayala nyama n'kuvundikira.

Tsiku lomwelo a Daka anavala jekete n'kutsetserekera kumsewu kuti akaone dengu lawo likugwira ntchito, popeza mpongozi kunalibe ndipo akanatha kufika pafupi momasuka. Anayang'ana pambali pa mgolo, anayang'ana pansi pa tebulo, osaliona. Atafunsa, akazi awo analoza mgolo ndi mlomo n'kunena kuti lili m'katimo, ndipo moto lero wayaka bwino kuposa masiku onse. A Daka anatukula chivundikiro. Utsi utachepa, anasuzumira kupyola nyama ija n'kuona mkombero wa dengu lawo uli wofiira, ukupindika pang'onopang'ono, mizere yakuda ija ikuonekabe.

Anavundikira mwaulemu n'kubwerera kunyumba. Madzulo ake a Daka anamva kuti apaulendo anayamikira nyama ya tsikulo, ati inali ndi kafungo kabwino.

Anakhala chete mpaka anthu oyandikana nawo anayamba kufunsa ngati akudwala. Tasila naye ankayenda mozemba, manyazi atamugwira ngati iye ndiye anayatsa. Amai Immaculate okha ndiwo sankaona vuto. Ankati anauzidwa dengu, anapereka dengu, anauzidwa mu mgolo, anaika mu mgolo.

Pomaliza a Daka anaona kuti nkhani ikadutsanso mwa akazi awo idzapsa nyumba. Anatenga kampando kawo, anapita kumsewu masana mabasi atachepa, anakhala kuseri kwa mgolo atafulatira, n'kutsokomola. Tasila anagwada mbali inayo, maso pansi. A Daka anagogoda mgolo ndi ndodo yawo.

"Iwe mgolo," anatero, "wadya dengu langa. Tsopano uniuze bwino, ufuna dengu yabwanji?"

Tasila anazengereza, kenaka anayankha motsitsa mawu, akuyang'ana mgolo womwewo. Anati mgolo ukufuna dengu lawaya, loima pamiyendo kuti lisagunde pansi, lokhala ndi chogwirira chotulutsira, ndiponso lamipata. A Daka anafunsa mgolo kuti mipata yake ikhale yotani.

"Yoti chala chizilowa, atate," anatero Tasila.

A Daka anapuma mozama. Anauza mgolo kuti amva, n'kunyamula kampando kawo.

Waya anakaupeza kwa Conrad, womata matayala pafupi ndi pomwe malole amaima. M'mphepete mwa tayala la lole mumakhala waya wolimba, ndipo tayala lakutha likatenthedwa wayayo amatsala. Conrad anawapatsa mtolo wonse. A Daka atafika nawo kunyumba anayesa kuupinda, waya n'kuwabwerera n'kuwakwapula pachibwano. Anachita zimene ankachita ndi nsungwi youma: anaunyika m'madzi kuti ufewe. Poutulutsa unali wolimba chimodzimodzi, kungoti tsopano unali wadzimbiri. Conrad atamva anaseka mpaka kukhala pansi, kenaka anawauza kuti auike pamoto waukulu mpaka ufiire, n'kuusiya uzizire wokha m'phulusa. A Daka anayankha kuti zimenezo ankazidziwa kale, ankangofuna kuona ngati Conrad akuzidziwa. Anakachita momwemo, ndipo waya anayamba kumva.

Pa mkombero anafuna kugwiritsa ntchito limu la njinga yawo yakale, ija inkasenza madengu ku Petauke. Analichotsa ndi mwambo wonse, akufotokozera akazi awo misewu imene linayendamo, koma atakaliyesa pa mgolo linakana kulowa. Analibwezera panjinga mwakachetechete n'kukapempha malimu awiri a njinga ya ana kwa wokonza njinga. Limodzi linakhala pansi, lina pamwamba, ndipo pakati anaimika tizitsulo ta m'mazenera kuti tikhale nthiti. Titatu mwa tizitsuloto anatisiya titalitali kunsi kuti tikhale miyendo.

Kuluka kwake kunali nkhondo. Waya ankawabaya zala, pulayala inkawatsina, ndipo nyimbo za kwaya zinasanduka mawu ena amene amai Immaculate ankati sakuwamva. Komabe manja anali omwe aja. Ankati akaiwala, zala zinkathinitsa zokha, ndipo dengu loyamba linatuluka lothinana ngati sefa ya ufa. Iwo anati mipata ilipo, kungoti ndi yaulemu. Analiotcha kaye pamoto kuti fungo la tayala lichoke, n'kulitumiza kumsewu. Tasila analiyesa, phulusa linakana kugwa, moto unafa. Ulendo uno sanalipachike pakhoma. Analiika pafupi ndi kampando ka apongozi ake phulusa lili momwemo, n'kuchokapo.

A Daka analiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka analimasula lonse n'kuyambiranso, ndipo pa mphambano iliyonse ya waya ankalowetsa chala chawo chachikulu kuti mpata usatsekeke. Nkhope inali ngati ya munthu amene akumwa mankhwala a malungo. Mnzawo wina wa kutchalitchi atadutsa n'kufunsa chimene akuluka, anachiphimba ndi thumba n'kunena kuti ndi msampha wa makoswe.

Lachiwirili linagwira ntchito. Tasila analidzaza makala, anayatsa pamwamba pokha, n'kulitsitsa ndi ngowe. Makala ankayaka pang'onopang'ono kutsikira pansi, phulusa likugwera kunsi kwa miyendo, utsi ukutuluka woonda pachivundikiro kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka. Tasila sanalowetsenso mutu mu mgolo. Madzulo anatumiza nthuli ya nkhumba pambale yovundikira, ndipo amai Immaculate poipereka anati mpongozi wathokoza, ngakhale Tasila anali atanena zambiri kuposa pamenepo. A Daka anati mchere wachuluka, n'kudya yonse. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti dengulo lizikhala mu mgolo nthawi zonse, ndipo wina akafunsa woluka, anene kuti linachokera ku Lusaka.

Chinsinsicho sichinakhalitse, chifukwa anachiulula ndi a Daka eni ake. Anauza Conrad, anauza wokonza njinga, anauza ndi wowotcherera zitsulo uja, kuti dengu la moto si la aliyense, limafuna munthu wodziwa kusiya mpata pamalo pake. Azimai ena owamba nsomba za ku Luangwa anabwera kudzaliona, ndipo awiri anapempha awo. Wina anachokera ku Petauke pa basi ya Titus atanyamula muyeso wa mgolo wake pa chingwe.

Masiku ano a Daka sakhalitsa pansi pa mango. Mukafika ku Nyimba pomwe malole amapumira, mudzaona nkhalamba ya jekete, zala zomata pulasitala, ikuzungulira lole pang'onopang'ono ndi ndodo. Imapereka moni kwa dalaivala, kufunsa za ulendo ndi za ana, kenaka imagogoda tayala lakumbuyo n'kumulangiza mwachikondi kuti limeneli latha, asapite nalo ku Chipata, angolisiya kwa Conrad. Madalaivala ena amaganiza kuti ndi munthu wa boma, ndipo amawapatsa nthochi.