Lusiya Anadzuka Akuseka

Ntchito yanga yoyamba yolembedwa ndinaipeza imvi zitayamba kale, bambo a kunyumba atangomwalira. Kunali gulu la zisudzo lomwe linkayenda m'misika ya kuno kuchigwa, kuphunzitsa anthu za kolera, ndipo mkulu wawo, a Zuze, ankafuna munthu wosunga zovala. Amayi a kumpingo anawalozera kwa ine. "Amenewo ngakhale singano sangakutayireni," anatero, "koma musayembekeze kuti akusekererani." Sananame.

Anandipatsa thiranki lachitsulo, loko ndi simbi ya makala. Kiyi ndinkamangirira pakhosi. M'mawa ndinkasita, n'kupinda zovala motsatana ndi mmene eniake adzalowere m'bwalo. Phulusa la m'botolo linali losandutsira mnyamata nkhalamba, pilo womanga ndi mpango ndiye anali mimba. Tikafika pamsika ndinkamanga chingwe kuchokera pa lole kukafika pamtengo, n'kupachikapo zitenje zinayi. Kuseri kwake ndiko kunali ofesi yanga. Sindinkapereka chovala china ndisanalandire choyambacho m'manja, chifukwa anthu a zisudzo, ndikuuzeni, kunama ndiyo ntchito yawo.

Woposa onse anali Lusiya wa kwa Maseya. Misozi ankaitulutsa ngati akutsegula mpopi, amayi ogulitsa nsomba n'kumalira naye. Tsiku lina ananamizira malungo, ine n'kumufunditsa chitenje changa, kenako anthu anamuona ku Nchalo ali pakaliyala ya njinga ya mwamuna. Kuyambira pamenepo, mawu ake ndinkayamba ndawasefa.

Tinafika pa Bangula m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Potsika pa lole, chitenje cha Lusiya chinakola pambedza ya chitseko cha kumbuyo. Anagwa chammbali, mutu n'kumenya pasimenti ya khonde la golosale. Phokoso lake ndinalimva. Anakhala chigonere pang'ono, kenako anadzuka akuseka.

"Mwaona, ankolo? Sewero layamba musanaimbe wezulo!" anatero kwa a Zuze.

A Zuze anamupapasa m'mutu. Magazi panalibe, kachotupa kokha pamwamba pa khutu. "Mutu wa kwa Maseya uwu, simenti ndiyo yavulala," anatero. Tonse tinaseka, ngakhale ine.

Sewero loyamba anasewera bwino lomwe. Atalowa kuseri kwa zitenje, anakhala pathiranki langa.

"Amayi, mutu ukundiwawa. La masana ndisasewere."

"Lero mwapangana kuti? Ku Nchalo komwe?"

"Ayi amayi, ndikunena zoona."

"Zisudzo zanuzo kachitireni anthu kunjako. Kuno ndi kwa ine."

Posakhalitsa anasanza kuseri kwa lole. Ine ndinamuyang'ana m'chiuno, ndinakumbukira njinga ija, mumtima n'kuti eya, nkhani ndi imeneyi. Ndinadziona wochenjera kwambiri. Ndinamupatsa mapiritsi awiri a mutu ndi kansalu konyowa, n'kumuyalira mphasa pamthunzi. "Takhuta, amayi," anatero, kuthokoza m'Chisena monga ankachitira akafuna kundinyengerera. A Zuze atafunsa, ndinawauza kuti amusiye agone, ndi za akazi.

Gawo lake la masana anasewera mnzake. Ndili kalikiliki kuvula uyu, kuveka uyo, ndinkamva Lusiya akuliza mkonono waukulu, wokoka. Ndinati onani waulesi. Mkonono umenewo mpaka lero ndimaumva.

Nthawi yopakira katundu itakwana ndinapita kukamudzutsa kuti andipatse mphasa. Ndinamuitana, ndinamugwedeza, ndinamutsina. Dzanja lake linangogwa. Nditamutsegula zikope, kakuda ka diso limodzi kanali katakula, kenako kali kakang'ono. Pamenepo ndinakuwa.

Kuchipatala chaching'ono anangomuona n'kutitumiza kuchipatala chachikulu cha boma. Ndinamugoneka pamiyendo panga kumbuyo kwa lole, nditamuchinjiriza ndi pilo wa mimba uja kuti mabampu asamugwedeze. Lusiya anatisiya tisanafike. Adokotala anandifunsa nthawi imene anagwa, ndiponso ngati anasanza. Nditayankha, anavula magalasi.

"Mayi, magazi amatuluka m'kati mwa chigaza, pang'onopang'ono. Munthu amadzuka, amaseka, amagwira ntchito. Akayamba kumva mutu, kusanza, kusinza, muzithamanga naye. Musamamugoneke."

Kumaliro kwa Maseya, mayi ake anandikokera kuseri kwa nkhokwe. Anandigwira manja onse awiri.

"Inu ndinu munali naye. Mwana wanga sanadandaule chilichonse?"

A Zuze anali atandichenjeza kuti ndizingoti zinachitika mwadzidzidzi. Ndinawayang'ana mayiwo, maso awo ngati a Lusiya ndendende.

"Anadandaula. Anandiuza kuti mutu ukumuwawa. Ine ndinati akunama."

Sanandikalipire. Anangosiya manja anga pang'onopang'ono, n'kubwerera m'nyumba ya siwa.

Ndinagwirabe ntchitoyo zaka ziwiri. Anthu sindinayambe kuwakhulupirira ayi, ndakalamba nawo mtima umenewu. Koma munthu akamenyetsa mutu ine ndili pomwepo, kaya ndi wakabaza wagwa panjinga, kaya ndi mpongozi wanga waterereka pamjigo, sindifunsanso ngati ndi wabodza kapena woona. Akati akumva kuwawa, tinyamuke ulendo wa kuchipatala. Akati ali bwino, n'kuseka, ndimavalabe nsapato.