Manda Saloza ndi Chala

Ndikamva fungo la mtedza wokazinga, ndimadziona ndili pa kaliyala ya njinga ya atsibweni anga, miyendo ili lendelende, tikuchoka ku Mkanda kupita ku boma la Mchinji m'nyengo ya fumbi. Anali munthu wa pakamwa, wokonda kunena kuti ife ana timadziwa mayina a masiwiti onse koma osadziwa kumene tinachokera. Ine ndinali mwana wamkazi woyamba wa mlongo wawo, choncho ankafuna kundionetsa pamene anagona amayi awo, chifukwa maso awo anali atayamba kuchita nkhungu.

Tauniyo inandizunguza mutu. Malole opita ku Zambia ankatithira utsi, ndipo pachipata cha msika anyamata a malaya ofiira anatiimitsa kufuna khadi la chipani, atsibweni nkulitulutsa m'chipewa. Anandionetsa njerwa zakugwa za linga la azungu, ndi sitolo yotsekedwa ya mmwenye pomwe anagula bulangete lawo loyamba. Anandigulira sikono, koma iwo sanadye kanthu.

Dzuwa litapendeka tinatulukira kuseri kwa tauni, kumene kunali mudzi wathu wakale. Ankafunafuna kamsitu ka manda ndi mkuyu wake waukulu. Tinangopeza mizere yofiira ya esiteti ya fodya mpaka m'munsi mwa phiri, mitengo yonse itathera m'mabani owumitsira fodya. Masiku amenewo munthu sankafunsa kuti munda ngwayani, ndipo mlonda anali kutiyang'ana. Atsibweni anaima chilili, atagwira njinga, akutsinzinira maso.

Ndinatambasula dzanja. "Ndi apo, atsibweni?"

Anandimenya kakhofi padzanja. "Iwe, manda saloza ndi chala! Ukufuna chiwole?" Kenaka anasongola milomo molunjika kumundako, nati, "Amayi ali apo."

Ndinavomera ndi mutu poopa kufunsanso, koma milomo ija inaloza munda wonse.

Atsibweni anamwalira mvula ya chaka chomwecho isanathe, ali ndi mtima woti ntchito yawo anaigwira. Ndimawasowa kwambiri, ngakhale kulalata kwawo komwe. Lero ana anga akandifunsa pamene pali agogo athu, ndimaima pamsewu m'mbali mwa munda uja nkusongola milomo monga anachitira atsibweni. Anawo amavomera ndi mutu, ndipo ine sindinawauzebe kuti sindipadziwa.